Bambo Kamtedza ndi Lole Yonyamula Mphete

Pa maliro a Bambo Filimoni Kamtedza, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, munthu amene anapatsidwa ntchito yowerenga mbiri yawo analakwitsa kwambiri. Ananena kuti malemuwo anali makaniko wa galimoto, pamene iwo sanagwirepo injini ya galimoto yeniyeni moyo wawo wonse. Ananena kuti ankapangira ana zidole, pamene mwana aliyense wa m'Biwi muno akudziwa kuti kuyandikira khonde lawo kunali kudziputira mkwiyo. Atafika pa nkhani ya lole ija, anthu anayamba kuseka m'tenti, iye n'kumaliza ndi mawu akuti mabuleki anakana pa tsiku la ukwati wa mwana wawo. Silinali tsiku la ukwati, linali la chinkhoswe. Mabuleki sakanakana, chifukwa loleyo inalibe mabuleki. Ine ndinalipo, ndinakhala pafupi ndi kutsogolo, ndipo ndakhala woyandikana nawo nyumba kuyambira tonse tili ndi tsitsi lakuda. Ndatopa kuwongolera anthu mmodzimmodzi m'minibasi ndi pa mabenchi a tchalitchi. Ndikulemba kamodzi, wofuna kumva amve.

Ntchito yawo inali yokonza mawailesi. Anali ndi kashopu kumsika, ndipo pa nthawi ya makaseti dzina lawo linkadziwika mpaka ku Kawale ndi ku Area 23. Kenaka mafoni anabwera, anthu anasiya kubweretsa mawailesi, ndipo amene anali atabweretsa kale sanabwerenso kudzatenga. A Kamtedza anatseka kashopuko n'kututira zonse kunyumba. M'kati mwa wailesi ya kaseti iliyonse mumakhala mota yaing'ono imene imazunguza tepi. Iwo anazichotsa zonse, n'kuwonjezera zina za m'makina osindikizira otayidwa m'maofesi, mpaka beseni lochapira la akazi awo, Mayi Nangozo, linadzaza. Mayiwo sanaligwiritsenso ntchito beseni limenelo, ndipo sanasiye kulitchula mpaka imfa yawo.

Kuchokera m'beseni limeneli munatuluka minibasi yokhala ndi kondakitala wa waya wolendewera pakhomo, thirakitala, ndi lole yaikulu, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, imene ankainyadira koposa zonse. Matupi ake anali a zitini za mafuta ophikira, matayala odulidwa ku mapatapata akale. Galimoto iliyonse inkalumikizidwa ndi chingwe chachitali ku bokosi lathabwa, ndipo m'bokosimo munali batire la njinga yamoto. Anthu anawapatsa dzina lakuti a Zidole. Iwo ankadana nalo, ndipo ankati chidole ndi chinthu chimene chimangofanana ndi galimoto, pamene zawozo zinali galimoto zimene zinangochepa msinkhu.

Pa bokosi lija panali chogwirira chopangidwa ndi mpini wa supuni. Ukachikankhira kutsogolo, galimoto inkapita kutsogolo. Ukachikokera kumbuyo, inkabwerera. Ukachisiya pakati, inkangoyenda yokha mpaka mphamvu ithe. Pambali pake panali batani lofiira, ndipo nzeru yonse ya a Kamtedza inali pa batani limeneli. Ukalidina, batire linkachotsedwa m'njira, ndipo mawaya awiri a mota ankalumikizana okhaokha kudzera m'kababu kakang'ono kumbuyo kwa galimoto. Mota imene magetsi akailowa imazunguza matayala, ndi yomweyo imene matayala akaizunguza imatulutsa magetsi, monga dayinamo ya njinga yakapalasa. Magetsi amenewo akapatsidwa njira yobwerera mwa mota yomweyo, amalimbana ndi kuzungulira kumene kwawabala. Ine ndinaziphunzira zimenezi ku sekondale, ndipo ndingatsimikize kuti a Kamtedza ankazifotokoza molondola, ngakhale kuti ankazifotokoza mokalipa. Mlendo aliyense ankamuuza kuti azunguze tayala ndi chala, tayala n'kuzungulira mopepuka. Kenaka ankadina batani, n'kumuuza kuti azunguzenso. Tayala lomwelo linkalemera ngati likuzungulira m'phala, kababu n'kuyaka. Ankamuyang'ana mlendoyo m'maso, kudikira kuti adabwe, ndipo wosadabwa sankamupatsanso mpando.

Ankati chinthu chimene chakuyendetsa ndi chimene chiyenera kukubweza, ndipo kuwonjezera mphira wina wokanikiza tayala n'kusakhulupirira ntchito ya manja ako. Koma njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo iwo ankawadziwa bwino. Galimoto ikamathamanga, mota imagwira mwamphamvu. Ikamachedwa, kugwirako kumachepa. Ikaima, palibenso magetsi, palibenso chogwira. Pamalo athyathyathya zimenezi sizivuta, chifukwa galimoto imachedwa mpaka kuima yokha. Pamtsetse siima. Imakwawa pang'onopang'ono, osaleka. N'chifukwa chake pa shelefu yawo ya pakhonde, imene inali yopendekeka monga zinthu zambiri za m'nyumbamo, kunsi kwa tayala la lole kunkakhala kamwala kosongoka. Za kamwala kameneka sankakonda kufunsidwa.

Munthu amene ankakafunsa kawirikawiri anali mlamu wawo, Bambo Sositeni, mchimwene wa Mayi Nangozo, amene anayendetsa malole enieni zaka zambiri pa msewu wa ku Dedza ndi Ntcheu. A Sositeni ankati buleki ndi chinthu chimene chimaluma tayala, ndipo galimoto yopanda chimenecho ndi bokosi la maliro lokhala ndi chiwongolero. Mkangano wawo unayamba Tadala, mwana yekhayo wa a Kamtedza, asanayambe sukulu, ndipo unali usanathe pamene ankakwatiwa. Tsiku lina a Sositeni anatenga bokosi lija mwini wake atalowa m'nyumba, n'kuithamangitsa minibasi pa thabwa lotsetsereka limene linkakhala pakhonde. Itafika pakati anakokera chogwirira kumbuyo, monga woyendetsa amene wataya mabuleki amachitira ndi magiya. Minibasi inaima mwadzidzidzi, kondakitala wa waya anaulukira m'ngalande, mano a magiya anathyoka, ndipo fungo la mota yopsa linafika mpaka kwathu. A Kamtedza ankati kutembenuza magetsi galimoto ili pa liwiro n'chimodzimodzi kumenya munthu wothamanga ndi chibakera pachifuwa: aima ndithu, koma sadzukanso. Kuyambira pamenepo alamu awiriwa sanasambenso m'manja m'beseni limodzi.

Sindikufuna kuwasandutsa munthu wofatsa chifukwa chakuti amwalira. Anali ovuta. Ankanunkhiza mota asanaiyese, ankaiika pakhutu ngati dokotala, ndipo pa nthawi imeneyo ngakhale abusa akanafika akanadikira. Chakudya chinkazizira patebulo. Denga linkadontha malo amodzi mvula iliyonse, iwo n'kumawotcherera denga la thirakitala. Nyumba inkayenda chifukwa cha Mayi Nangozo, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi kumsika, ndipo ine ndinawamva kangapo kudzera pa mpanda akunena kuti anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi koma akupikisana ndi beseni lonse.

Mayi Nangozo anadwala nthawi yaitali. Tinakawaika kumudzi kwawo ku Ntcheu. Anthu amanena kuti a Kamtedza ankaseweretsa lole pa tsiku la maliro, thupi lili m'nyumba. Si zoona, ndipo amene amanena zimenezi sanalipo. Linali tsiku limene tinabwerako kumudzi. Koma kusiyana kwake si kwakukulu monga mmene ndikanafunira. Amayi a mumpingo anali adakali m'nyumba, ena akulirabe chapansipansi, ife amuna titakhala pa mabenchi panja. A Kamtedza anadzuka pakati pathu n'kuzungulira kukhonde. Posakhalitsa tinamva kulira kwa mota. Loleyo inkakwera thabwa, kutsika, kukweranso. Tadala, amene pa nthawiyo anali atangomaliza maphunziro a unamwino, anatuluka ndi maso otupa, anaima pakhomo, anayang'ana bambo ake ali chogwada ndi bokosi m'manja. Madzulo a tsiku lomwelo ananyamula chikwama n'kupita kwa amalume ake, a Sositeni, ku Area 23.

Nditawadzudzula a Kamtedza pambuyo pake, anangoti manja awo akaima mutu umayamba kuthamanga, ndipo sankadziwa njira ina youchedwetsera. Ndinawauza kuti mawu amenewo akanawanena kwa mwana wawo, osati kwa ine. Sanapite. Tadala naye sanabwere. Akakumana ku tchalitchi ankawapatsa moni wa ulemu wonse, atapinda mawondo, akuti, "Muli bwanji, abambo?" monga mmene angalonjerere ine kapena munthu wina aliyense wamkulu. Dzina lakuti Ababa, limene ankawaitana nalo kuyambira ali wakhanda, linatha. A Kamtedza ankabwera kunyumba Lamulungu lililonse n'kukhala pakhonde osavula jekete. Panadutsa zaka zingapo zili choncho.

Nkhani ya chinkhoswe anaimva mochedwa. Mwambo wathu ndi womveka: pa chinkhoswe olankhula ndi ankhoswe, ndipo nkhoswe ya Tadala anali a Sositeni. Bambo wobereka amapatsidwa mpando wabwino kutsogolo ndi botolo la chakumwa, n'kumaonerera ngati mlendo. A Kamtedza anapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti lole yawo ndiyo inyamule mphete kupita kwa anawo. A Sositeni anakana nthawi yomweyo. Koma mnyamata wokwatirayo anali ataionapo loleyo pamene anabwera kudzadziwonetsa, ndipo abale ake anati zimenezi sizinachitikepo pa chinkhoswe chilichonse, zichitike. Yankho la Tadala linadzera mwa akazi a a Sositeni: achite zimene akufuna.

Sindinawaonepo a Kamtedza akuopa chinthu monga mmene anaopera masabata amenewo. Anandiuza kuti mwana wawo amadziwa chinthu chimodzi chokha cha loleyo, chakuti inalira pa tsiku limene iye ankalira, ndipo ngati ikachita manyazi pamaso pa apongozi ake ndiye kuti sadzapondanso pakhonde pawo. Anaipaka utoto wobiriwira. Anasoka kapilo koyera ndi manja awo, n'kuika kambale kagalasi pamwamba pake. Anapita ku holo ya ku Kawale kumene kunali mwambowo, n'kukonza zonse bwinobwino: thabwa lichokere pa nsanja, litsikire pansi, lole itsike atadina batani, ifike pa simenti yathyathyathya, iime yokha pamapazi a Tadala. Anayeserera pakhonde mpaka ine ndinaloweza kulira kwake.

Pa tsikulo tinapeza zinthu zasintha. Wojambula kanema anali atadandaula kuti lole ikafika pansi anthu akumbuyo saiona, ndipo okongoletsa holo anali atayala nsalu yoyera pa simenti, osafuna matayala aiponde. A Sositeni analamula kuti mapeto a thabwa akwezedwe pa kampando. Tsopano thabwalo linkachokera pa nsanja, kutsetsereka ndithu, koma n'kuthera m'malere, msinkhu wa bondo, patsogolo pang'ono pa mipando ya anawo. Malo athyathyathya panalibenso. Ena amati a Sositeni anachita dala. Ine sindikuganiza choncho. Anali ndi zambiri m'mutu tsiku limenelo. Koma ndinawamva akunena, akumwetulira, anthu akumva, "Si paja ili ndi mabuleki oposa a lole zathu, alamu? Iime pamenepo."

Apa ndi pamene a Kamtedza analakwa, ndipo ndikunena monga mnzawo. Akanangoti thabwa litsitsidwe, chifukwa lole yawo siima pamtsetse. Mawu ochepa okha. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera pamaso pa mlamu wawo chinthu chimene anakhala akuchikana zaka zonsezo. Anayang'ana thabwa, anayang'ana kampando, anakhala pansi n'kuika bokosi pamiyendo.

Mwambo unayenda monga umayendera. Atsikana ofundidwa zitenje anatulutsidwa kuti mnyamata asankhe wake, anthu anaseka, ankhoswe anapatsana nkhuku, malangizo anaperekedwa. Tadala anakhala pa mpando wake atawerama, manja pamiyendo, monga mkwatibwi amayenera kukhalira mpaka ankhoswe atamuuza kuti adzuke. Kenaka wotsogolera mwambo analengeza kuti mphete zikubwera pa galimoto yapadera kuchokera ku Biwi. Lole inaonekera pamwamba pa thabwa, kambale kakunyezimira. Anthu anaimirira. Inayamba kutsika mwaliwiro, a Kamtedza anadina batani, kababu kofiira kanayaka, lole inachedwa mokongola ngati yanzeru. M'manja munaombedwa. Koma ine ndinkayang'ana kababuko. Kanazilala, kanazilala, mpaka kanatsala ngati khala lokwiririka m'phulusa, koma matayala sanaleke kuzungulira.

Amene anali kutsogolo anayamba kuzindikira. Woimba nyimbo anatsitsa mawu. Lole inkakwawa ngati nkhono, kulunjika kumapeto kwa thabwa. Aliyense m'holomo ankadziwa zimene azakhali a mbali zonse akanalankhula mphete zikanagwa n'kugubuduzika pansi pa mipando ukwati usanayambe n'komwe. A Sositeni anawerama pa phewa la mlamu wawo, thukuta likutsika, akunong'ona mokweza kuti abweze chogwirira kumbuyo. Akanabweza, lole ikanaima ndithu, koma mwadzidzidzi, ndipo kambale kaja kakanauluka monga anaulukira kondakitala. Akanasiya batani, ikanathamanga. A Kamtedza sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Chala chawo chachikulu chinayera pa batani. Kenaka anakweza mutu, n'kulankhula ndi mawu amene sanali okweza, koma holo inali chete moti tonse tinamva.

"Tadala, ine ndachedwetsa. Kuimitsa sindingathe."

Ndinali nditakhala nawo moyandikana moyo wanga wonse wa m'tauni, ndipo sindinawamvepo akunena kuti pali chimene sangathe. Mnyamata uja anayamba kudzuka, koma Tadala anamugwira mkono osamuyang'ana. Anakhalabe chowerama. Matayala akutsogolo anafika pamene thabwa linathera. Ndiye anadzuka, nkhoswe isanamuuze, anagwada pa nsalu yoyera ija ndi zovala zake zonse za chinkhoswe, n'kuika chikhatho pamphumi pa lole.

"Siyani batani, Ababa. Ndagwira."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Theka la holo linkaganiza kuti zonsezi zinakonzedwa dala, theka linalo linatuluka likunena kuti mabuleki anakana, ndipo bodza lachiwirili ndi limene lakhala moyo mpaka kufika pa maliro. Palibe chimene chinakana. Mota inachita zonse zimene mota ingachite, ndipo chotsalacho chinachitidwa ndi dzanja la munthu. A Kamtedza sanasiye batani nthawi yomweyo. Ndinachita kuwachotsa chala ndine.

Amene amakonda nkhani zothera m'chisangalalo amawonjezera kuti kuyambira tsiku limenelo bambo ndi mwana anakhala ngati kale. Zimenezonso si zoona. Tadala anakakhala ku Area 25 ndi mwamuna wake, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, ntchito ya kuchipatala ikamulola. Ankakhala pakhonde, kuwayeza kuthamanga kwa magazi, kuwakalipira za mchere, kusesa m'nyumba. Za tsiku limene tinabwera kuchokera ku Ntcheu sanakambepo, ndipo galimotozo sankazigwira. Koma ankati Ababa. Kwa a Kamtedza zimenezo zinakwana, kapena anaphunzira kuti zikwane. Ndi a Sositeni sanagwirizane mpaka mapeto, ngakhale kuti a Sositeni ndi amene ananyamula bokosi lawo la maliro kutsogolo, n'kukana kulandiridwa.

Zaka zomaliza manja anayamba kunjenjemera, maso anachita nkhungu. Mtovu wowotcherera unkadonthera pa thalauza. Batire linafa, sanafunenso lina. Ankangokhala pakhonde ndi mota imodzi m'manja, kuizunguza ndi chala, kugundanitsa mawaya ake awiri, kumva ikulemera, kuwalekanitsa, kumva ikupepuka. Ndikawapatsa moni pa mpanda ankayankha mochedwa. Anamwalira m'mawa wina wa nyengo yozizira, atadwala masiku ochepa.

Nyumbayo yatsekedwa tsopano, abale akukambirana zochita nayo. Ine ndinasiyiridwa kiyi wa pageti kuti ndizithirira mapapaya. Pakhonde thabwa lija latsamira khoma, ndipo mizere iwiri yakuda ya matayala ikuonekabe kuchokera pamwamba mpaka pansi. Beseni anatenga anthu otola zitsulo zakale. Pamene linkakhala patsala dzimbiri lozungulira pa simenti. Mpando wawo wa nsungwi uli pomwepo, wopendekera mbali imene ankatsamira. Bokosi lathabwa lapachikidwa pa msomali, chingwe chake chikulendewera osalumikizidwa ku kanthu, ndipo utoto wa batani unatha pakati pomwe chala chinkakhala. Pa shelefu pali minibasi yopanda kondakitala ndi thirakitala. Pakati pa ziwirizi pali malo opanda fumbi. Tadala anaikulunga loleyo m'chitenje tsiku losesa, n'kukwera nayo minibasi ataiika pamiyendo. Kamwala kaja nakonso palibe. Ndinafufuza pansi pa shelefu ndi kuseri kwa mpando, poganiza kuti kanagwa. Sikanagwe.